Galimoto Yakale Ikamawomba: Malangizo kwa Eni Ake a ku Mapiri a Dedza

Aliyense amene nyumba yake ili m'mbali mwa msewu waukulu wa M1, pamene msewuwo ukwera kuchokera ku Linthipe, nudutsa pa boma la Dedza, nupitirira ku Bembeke ndi ku Lizulu, anamvapo galimoto yakale ikuwomba potsetsereka, kuwomba kwake kwakuti nkhuku zibalalika ndipo amayi osenza mitolo acheuka ndi mantha. Ndipo ambiri, pakumva chomwecho, amangoti ndiwo ukalamba wa galimoto, nthenda yopanda mankhwala. Koma akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Injini imene yatumikira eni ake zaka 50 siwomba popanda chifukwa, ndipo chifukwacho kawirikawiri chimakhala chaching'ono ndithu, chakuti munthu wodekha, wokhala ndi zipangizo zowerengeka, akhoza kuchipeza ndi kuchikonza pakhomo pake, asanataye ndalama kwa anthu ongopenekera.

M'kabuku kano tatenga galimoto ya MGB kukhala chitsanzo chathu, ndiyo ija yothamanga, ya mipando iwiri ndi denga lopinda, imene inkapangidwa ku Abingdon m'dziko la England kuyambira 1962 kufikira 1980, ndipo zonse, kuphatikizapo za denga lolimba, zinaposa 500,000. Injini yake nja masilinda anayi, ya 1,798 cc, yokhala ndi makabuleta awiri a mtundu wa SU ndi distributa ya Lucas. Galimoto zotere nzowerengeka m'dziko muno, ndipo amene ali nayo akusunga chuma chimene sichipangidwanso. Komatu malangizowa sali a iye yekha, pakuti Land Rover yakale ya petulo, Peugeot 404 ndi Datsun 1200, zimene zasenza mbatata ya kachewere ndi kabichi m'mapiri muno zaka zambiri, zimagwidwa ndi nthenda yomweyo, ndipo machiritso ake ndi amodzimodzi. Miyeso yokha ndiyo isiyana, chifukwa chake mwini wa galimoto ya mtundu wina atenge miyeso m'buku la galimoto yake. Za galimoto zamakono, zopanda kabuleta, zimene mafuta ake amagawidwa ndi kompyuta, sitinena pano.

Yambani mwamvetsera

Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo kudzera pa vavu yolowetsa. Ikamakwera, mavavu onse awiri atatseka, imaupanikiza. Pamenepo pulagi ithethetsa moto, petulo ayaka nakankha pisitoni. Ndipo pomaliza vavu yotulutsa itseguka kuti utsi upite ku ekizosi. Moto umenewu uli nawo malo ake ndi nthawi yake, ndipo kuwomba konse kumene mukumva ndiwo moto umene wayaka kunja kwa malo ake, kapena nthawi yake isanakwane, kapena itapitirira.

Chifukwa chake, musanagwire sipanala, tcherani khutu mudziwe kumene phokoso likuchokera. Likachokera kutsogolo, injini nkumayetsemula pa kabuleta, makamaka m'mawa kukuzizira kapena pamene mwaponda mafuta mwadzidzidzi, dziwani kuti mwina petulo wachepa mu mpweya, pakuti petulo wochepa amayaka mochedwa kotero kuti vavu yolowetsa imatsegukanso moto usanazime. Kapena pulagi ikuthetheka pa nthawi yolakwika. Kapena vavu yolowetsayo sikutseka bwino. Likachokera kumbuyo, kukhala kuphulika kwa mu sailensa, ndiye kuti petulo wina watuluka mu silinda osapsa, nakakumana ndi kutentha pamodzi ndi mpweya m'paipi ya utsi. Lembani papepala nthawi imene zimachitika, kaya pokwera phiri, kaya potsika phazi litachoka pa mafuta, kaya injini ili yozizira kapena itatentha, pakuti umboni umenewu udzakutsogolerani koposa chipangizo china chilichonse.

Ndipo pano tinene mawu amene ali mutu wa kabuku konse. Anthu ambiri, injini ikangowomba, amathamangira kupotokola kabuleta, popeza ndiyo ili poonekera ndipo manati ake ngosavuta kufikira. Koma potero amawonjeza vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba, mpaka sangathenso kusiyanitsa chimene anachipeza ndi chimene anachiyambitsa okha. Kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani ndi magetsi, mutsate za mpweya wolowera pobowoka, kenaka mavavu, ndipo kabuleta ikhale yotsiriza; musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kuyesa injini musanapite ku chinzake.

Kuteteza moyo ndi nyumba

Ntchitoyi ichitikire pabwalo, kutali ndi khitchini, ndi mbaula, ndi osuta fodya, ndipo ana aonerere ali patali. Musalize injini m'galaja yotseka, ngakhale kuzizire motani mu June ndi July, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha womwe uja umene umatuluka m'makala oyaka m'chipinda chotseka, wopanda fungo, wogonetsa munthu tulo tosadzukanso. Injini yoyetsemula imatha kulavula malawi pa kabuleta: musaikepo nkhope, musayende ndi galimoto yochotsa fyuluta ya mpweya, ndipo pafupi pakhale chozimitsira moto kapena chidebe cha mchenga, osati madzi, chifukwa petulo woyaka amayandama pamadzi nafalikira. Malaya olendewera atalikirane ndi fani ndi lamba wake.

Magetsi

Funso loyamba ndi ili: kodi pali amene anachotsa mawaya a mapulagi posachedwapa? Pakuti waya ukangopita ku pulagi yosakhala yake, moto umafika mu silinda imene vavu yake ili yotseguka, ndipo injini imawomba kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pa MGB, silinda yoyamba ndiyo yapafupi ndi rediyeta, masilinda amayaka motsatana 1, 3, 4, 2, ndipo rota ya mu distributa imazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi; tsono yambani pa waya wa silinda yoyamba, muwerenge mozungulira chivundikiro njira yomweyo. Land Rover ndi Datsun zimatsatanso 1, 3, 4, 2, koma Volkswagen Beetle imatsata 1, 4, 3, 2, ndipo Ford Cortina ya injini ya Kent imatsata 1, 2, 4, 3, kotero munthu asadalire chizolowezi cha galimoto ina.

Mukatero, masulani timbedza tiwiri togwira chivundikiro cha distributa, muchitembenuze ndi kuchipenyetsetsa padzuwa. Kuno kwathu, kumene nkhungu imakuta mapiri m'mawa ndipo mame amanyowetsa ngakhale chitsulo chili pansi pa boneti, chinyezi chimalowa m'chivundikiromo, moto nusiya njira yake nulumphira ku waya woyandikana nawo. Pamene walumphapo kawirikawiri pamatsala kamzere kakuda, kopyapyala, konga kolembedwa ndi pensulo, kochokera pa kachitsulo kena kupita pa kanzake. Chivundikiro chokhala ndi kamzere kotere, kapena chong'aluka, chatha ntchito, ndipo kuchipala sikuchichiritsa. Chikakhala chonyowa chabe, chipukuteni ndi kansalu kouma. Onaninso kakhala kakang'ono ka pakati ngati kakali kudidikizika ndi kubwerera. Mawaya nawonso amakalamba: lizani injini usiku mumdima, boneti ili yotsegula, ndipo mukaona timoto tabuluu tikuthamanga pamwamba pake, sinthani onse pamodzi, koma musawagwire injini ikulira.

Pansi pa rota pali mapointi, tizitsulo tiwiri timene timatseguka ndi kutseka kulamula koyilo, ndipo m'tizitsulo timeneti ndimo mubisala mavuto ambiri a galimoto zakale. Kapulasitiki kamene kamakhudza kamu kamaperepeseka pang'onopang'ono, mpata wa mapointi nuchepa, ndipo mpata ukachepa moto umafooka ndi kuchedwa. Tsegulani mapointiwo ndi chala, kiyi atazimitsidwa, muone nkhope zake: zikakhala zotuwa ndi zosalala, zili bwino, kukakhala kachitunda mbali imodzi ndi kadzenje mbali inayo, zapsa, ndipo zikapsa msanga kapena kuchita buluu, kondensa ndiyo yokayikitsa, musinthe zonse ziwiri. Poyesa mpata, ikani galimoto m'giya yachinayi pamalo athyathyathya, muikankhe pang'ono mpaka kapulasitiki kaja kakwere pa nsonga ya kamu, pamene mapointi atseguka kotheratu. Mpata ukhale wa mamilimita 0.35 mpaka 0.40, fila geji izilowa mokhudza pang'ono mbali zonse. Pakani kagirisi kochepetsetsa pa kamu, kosafika pa mapointi.

Mapulagi amasuleni onse anayi, muwandandike pa thabwa monga momwe akhalira mu injini, pakuti iwo ndiwo mboni zimene zinaona za m'kati. Nsonga yofiirira motuwa isonyeza silinda yoyaka bwino. Ya mwaye wakuda wouma isonyeza petulo wochuluka kapena moto wofooka. Yoyera mbee isonyeza petulo wochepa ndi kutentha kopitirira. Yonyowa ndi oyilo isonyeza maring'i kapena magayidi a mavavu otha. Pa MGB pali chinanso choti muone: kabuleta yakutsogolo imadyetsa makamaka silinda 1 ndi 2, yakumbuyo 3 ndi 4, kotero mapulagi awiri akasiyana mtundu ndi awiri enawo, mwadziwa kale kabuleta imene idzafunika chisamaliro nthawi yake ikafika. Mpata wa pulagi ndi mamilimita 0.64.

Chotsiriza pa magetsi ndi taimingi, ndiyo nthawi imene moto uthetheka, ndipo iyesedwe mutatha kukonza mapointi, popeza mpata wa mapointi ukasintha taimingi isinthanso. Moto wochedwa umatenthetsa injini, kuilanda mphamvu, ndi kuwombetsa mu ekizosi. Wofulumira umaliza injini ngati tizitsulo tikugundana pokwera phiri, ndipo umabweza sitata poliza. Munthu wopanda nyali ya taimingi akhoza kugwiritsa ntchito babu ya mavoti 12 ya mawaya awiri. Yambani mwalemba chizindikiro pa distributa ndi pa injini, kuti mukasokera mukhale ndi pobwerera. Zungulizani injini mpaka rota iloze waya wa silinda yoyamba, ndipo kamzere ka pa pule kalunjike pa chizindikiro choyenera, chimene pa MGB zoyambirira ndi madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Lumikizani waya umodzi wa babu pa koyilo, mbali yopita ku distributa, winawo pa chitsulo cha injini; yatsani kiyi osaliza injini; masulani bawuti yogwira distributa, muipotoze motsutsana ndi mivi ya wotchi mpaka babu izime, kenaka muibweze pang'onopang'ono mpaka babu ingoyamba kuyaka, ndipo pomwepo mangani. Kiyi asakhale woyatsidwa nthawi yaitali injini ili chete, kuopa kupsereza koyilo.

Mpweya wolowa mwakuba

Magetsi akakhala bwino koma kuwomba kukapitirira, funani pamene mpweya ukulowa osadzera pa khomo lake. Pakati pa kabuleta ndi injini pali magasiketi amene amauma ndi zaka, pali timapaipi ta labala timene timang'aluka, ndipo kamtengo kachitsulo kotsegula ndi kutseka kabuleta kamakulitsa bowo lake mpaka kuyamba kugwedera. Ponsepa pamalowa mpweya umene kabuleta sinauwerengere, petulo nachepa, injini nkuyetsemula. Tengani paipi ya labala yotalika mkono umodzi, mbali ina muike pa khutu, inayo muyendetse m'mphepete mwa magasiketi injini ikulira galimoto itaima, ndipo pobowoka mudzamva kafwe-e koonda. Ena amawazapo petulo kuti amve ngati injini isintha kalilidwe. Ife tikuletsa zimenezi, makamaka pa MGB, imene makabuleta ake ali pamwamba penipeni pa manifodi yotentha ya utsi.

Ku ekizosi, chizindikiro ndi mwaye wakuda pamalumikiziro, makamaka pamene manifodi ikumana ndi paipi yotsika. Misewu yathu ya fumbi, yopita ku Mayani kapena ku Chongoni, imagwedeza ndi kukhula paipi ya galimoto yotsika ngati MGB, manati namasuka. Ndipo pobowoka pamene patuluka utsi ndi pomweponso pamakoka mpweya galimoto ikamatsetsereka. Apa ndi pamene pachokera kuwomba kotchuka kwa pa mtsetse wa Khwekhwelere, pamsewu wochokera pa Masasa kutsikira ku Golomoti, pamene woyendetsa wanzeru amachotsa phazi pa mafuta nalola giya kugwira galimoto: petulo wosapsa bwino amadzaza m'paipi, nakumana ndi mpweya wolowa pobowoka, naphulika. Kuthetheka kwapansipansi pa mtsetse wotere sikuwononga kanthu. Koma kuwomba kwakukulu kumang'amba sailensa. Tikupemphani ndithu kuti phokosolo lisakunyengeni kutsika phirilo giya ili pa fili, kapena injini yozimitsa, pakuti mabuleki okha amatentha nasiya kugwira msewu usanathe. Mangani manati injini itazizira, musinthe gasiketi, ndipo paipi yoboola ipite kwa owotcherera.

Mavavu

Injini zimenezi zinapangidwa m'masiku a petulo wa mtovu, ndipo mtovuwo unkateteza pokhalira pa vavu yotulutsa utsi. Mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotere pofika kuchiyambi kwa 2006, chimene chinali chokomera thanzi la ana athu. Koma mu hedi yachitsulo imene sinaikidwe pokhalira polimba, vavu imamira pang'onopang'ono, makamaka galimoto ikamathamangitsidwa mitunda italiitali, ndipo ikamamira mpata wake pa roka umatha, mpaka vavu sitsekanso kotheratu, niyamba kupsa. Injini yotere imakhala yachete modabwitsa kumtunda kwake, ndipo chete ameneyu munthu asakondwere naye.

Yesani injini itazizira, makamaka m'mawa isanalizidwe. Chotsani chivundikiro cha maroka, muwerenge mavavu kuyambira kutsogolo, 1 mpaka 8, ndi kutsata lamulo la 9: vavu 8 ikatsika kotheratu muyese vavu 1, vavu 6 ikatsika muyese 3, vavu 4 ikatsika muyese 5, chomwecho mpaka onse atha, manambala awiriwo akaphatikizidwa azikwana 9. Mpata wa MGB ndi mamilimita 0.38, wa Land Rover ya malita 2.25 ndi mamilimita 0.25. Lembani mpata umene mwaupeza pa vavu iliyonse musanakonze, kuti mukadzayesanso mudziwe ngati ina ikumira.

Kabuleta, ndi kutalika kwa dziko lathu

Tsopano tafika pa kabuleta, ndipo pano anthu a ku Dedza ali ndi nkhani yawoyawo imene a kuchigwa saidziwa. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198, Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050, pamene Nyanja ya Malawi siifika ngakhale pa mamita 500. Mpweya wa pa Dedza ngwopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kabuleta ilibe nzeru zozindikira zimenezi. Chifukwa chake galimoto imene inakonzedwera ku Salima kapena ku Chikwawa ikakwera kuno imalandira petulo wochuluka koposa mpweya wake, nidetsa mapulagi, nitulutsa utsi wakuda ndi kuwomba kumbuyo. Ndipo imene yachepetsedwa mafuta kuno mpaka pamalire, ikatsikira ku Golomoti, ku Mua kapena ku Mtakataka, ulendo wosakwana maola awiri, imapeza mpweya wochuluka, petulo nachepa, niyamba kuyetsemula ndi kutentha. Uphungu wathu ndi wakuti mwini galimoto woyenda uku ndi uku asachepetse mafuta kufikira pamapeto, pakuti mwaye wapang'ono pa pulagi umatsukika, koma vavu yopsa imafuna kutsitsa hedi.

Palinso china. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amachepetsako mphamvu ya mafuta mu mpweya, amaumitsa malabala akale, ndipo amakoka chinyezi galimoto ikakhala miyezi yosayenda, monga zimakhalira galimoto zokondedwa zimene zimatulutsidwa pa chikondwerero pokha. Tsono musanakhudze nati ya jeti, tayani petulo wogonera, musinthe fyuluta ya mafuta, mutsegule timiphika ta fuloti ndi kuchotsa matope ofiira amene amadikha pansi pake, ndi kuona ngati pampu ikutumiza mafuta okwanira. Pakuti injini imene imayenda bwino pachidikha koma nkumayetsemula pakati pa chikweza chachitali kawirikawiri imakhala ikumanidwa mafuta.

Pamwamba pa kabuleta ya SU pali kachivundikiro kopotokola. Kamasuleni, muone ngati muli oyilo, ndipo akachepa muthiremo wopepuka wa SAE 20, chifukwa popanda oyiloyu pisitoni ya kabuleta imakwera mofulumira mukaponda mafuta, injini niyetsemula. Kwezani pisitoniyo ndi chala, fyuluta itachotsedwa ndi injini ili chete, muitaye: igwe yokha ndi kumveka kuti "kha". Onaninso kuti choki ikabwezedwa, majeti onse awiri akubwerera m'malo mwake. Zikatha izi, tenthetsani injini, ndipo ikulira galimoto itaima, kanikizani kapini kamene kali pansi pa thupi la kabuleta kuti pisitoni ikwere pang'ono, osafika milimita imodzi. Injini ikathamanga nkupitirira kuthamanga, petulo wachuluka. Ikafooka nkufuna kuzima, wachepa. Ikathamanga kamphindi nkubwerera pamalo pake, zili bwino. Nati ya pansi pa jeti ikakwezedwa imachepetsa petulo, ikatsitsidwa imawonjezera. Ili ndi mbali 6, ndipo muziipotoza mbali imodzi pa nthawi imodzi, mukuwerenga ndi kulemba. Mukasokonezeka, kwezani nati mpaka pamapeto mosakakamiza, muitsitse mbali 12, ndipo muyambirenso pamenepo. Makabuleta awiriwo azikoka mpweya mofanana, chimene paipi ija ya pa khutu idzakuuzani mukaiika pakamwa pa iliyonse mosinthana, nkhope yanu ili kumbali.

Pamene ntchito iposa ya pakhomo

Mukatsata zonsezi koma injini nkumawombabe, makamaka ikamadumpha silinda imodzi nthawi zonse, mutu umodzi susenza denga: pitani kwa amakaniko akuluakulu amene anaphunzira ntchito m'masiku a mapointi ndi makabuleta, muwapemphe ayese kompuresheni ya masilinda onse anayi. Silinda imene yatsika koposa gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi zinzake ili ndi vavu yopsa, maring'i otha, kapena gasiketi ya hedi yoboola, ndipo masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, gasiketi ndiyo yoyamba kuikayikira. Hedi ikatsitsidwa, imeneyo ndiyo nthawi yoikitsa pokhalira mavavu polimba, poyenera petulo wopanda mtovu. Tcheni cha taimingi chotha, ndi distributa imene mtengo wake ukugwedera m'mbali kotero kuti mpata wa mapointi sukhazikika, nazonso nza ku galaja. Popita kumeneko tengani pepala lanu lija la nthawi imene injini imawomba, la mtundu wa mapulagi, ndi la mipata imene munaipeza, muwapatse amakanikowo asanatsegule boneti.